ZA MAKOMBOLA PA DOKO LA CHIPOKA: MAWU OLANKHULIDWA PA MSONKHANO WA PACHAKA

Pa Msonkhano wa Pachaka wa Bungwe, umene unachitikira ku Chipoka, panabuka nkhani imene inatenga nthawi yaitali koposa zina zonse. Mamembala ena, makamaka anyamata amene amagwira ntchito ku Lilongwe ndi ku Johannesburg nabwera kumudzi pa Khrisimasi, anapempha kuti Bungwe lilembe kalata ku Khonsolo ya Salima, kuti usiku wotsiriza wa chaka Khonsolo iziphulitsa makombola pa doko monga amachitira m'mizinda ikuluikulu, ndi kuti Bungwe liwonjezepo ndalama zochokera m'thumba lake. Popeza mamembala anagawikana, a Wapampando anapempha mkulu wina wa Bungwe, amene anagwira ntchito ya ukalaliki wa chuma m'makhonsolo zaka zambiri asanapume, kuti aunikire msonkhano. Komiti inalamula kuti mawu awo alembedwe m'lipoti lino, kuti amene sanathe kufika awerenge nawo.

Akuluwo anayamba ndi kupereka ulemu kwa a Wapampando, kwa mafumu, ndi kwa amayi ndi abambo onse. Anati sanaimirire kudzadzudzula anyamata, pakuti chimene anyamatawo akufuna si choipa ayi. Munthu amene waona makombola akuphulika pamwamba pa nyumba zazitali za ku Johannesburg, nakumbukira kwawo kumene usiku wa chaka chatsopano umapita mumdima ngati usiku wina uliwonse, sangaleke kulakalaka kuti ana a kwawo aoneko. Ndiponso Chipoka si malo onyozeka. Njanji inadutsa pano popita ku Salima m'chaka cha 1935, ndipo pano ndi pamene njanjiyo imakumana ndi nyanja. Ilala, imene inayamba maulendo ake m'chaka cha 1951, yakocheza pa doko lino zaka zambirimbiri. Amene anaona doko lili piringupiringu, katundu akutsika m'sitima ya pamtunda ndi kukwera m'sitima ya pamadzi, ali ndi chifukwa chofunira kuti dzina la Chipoka limvekenso. Tsono chimene iwo anapempha msonkhano kuti uganizire ndi funso limodzi lokha: ndalama zogulira makombolawo ndi za yani, ndipo mwini wake wafunsidwa kodi?

Anati anthu ambiri akamva mawu akuti ndalama za Khonsolo, amaganiza za bokosi lalikulu lokhala m'ofesi ya Bwana D.C., lodzaza ndi ndalama zopanda mwini, zimene munthu wodziwa kulemba kalata yabwino angathe kutapako. Iwo anakhala pafupi ndi bokosilo zaka zambiri, ndipo angathe kuchitira umboni kuti silili chomwecho. Ndalama za Khonsolo ya boma lililonse zimalowa pa makomo awiri. Khomo loyamba ndi la ndalama zochokera ku Boma lalikulu ku Lilongwe, ndipo izi zimabwera zili ndi maina awo kale: izi ndi za zipatala, izi ndi za sukulu, izi ndi za ulimi, izi ndi za chitukuko. Kalaliki amene angatenge ndalama ya mankhwala nagulira makombola adzakumana ndi owerengera chuma cha Boma, ndipo adzayenera kukumana nawo. Khomo lachiwiri ndi la ndalama zimene Khonsolo imatolera yokha: msonkho wa pamsika, ziphaso za malonda, zolipira za pa depoti ndi zina zotere. Izi zokha ndizo Khonsolo ingathe kuziyendetsa momasukako. Chifukwa chake, kalata yopempha makombola, ngakhale italembedwa m'Chingerezi chosalala bwanji, ikupempha ndalama za pa khomo lachiwirili.

Apa akuluwo anapempha mamembala kuti aganizire bwino amene amaponya ndalama pa khomo limenelo. Ndi mayi amene wadzuka nkhuku zisanalire, napita kugombe kukadikira ngalawa, nagula beseni la usipa ndi ndalama ya ngongole, nauyanika pa thandala, nakhala nawo pamsika dzuwa lonse. Wotolera msonkho amafika pa iye m'mawa, asanagulitse ngakhale mulu umodzi, namng'ambira tikiti. Tsiku limene malonda ayenda amalipira. Tsiku limene mvula yagwa usipa nuwola amalipiranso chimodzimodzi. Ndi mtsikana wa tomato, ndi mnyamata wa kabaza, ndi mkulu wosoka nsapato pansi pa mtengo. Ndalama yawo ndi yaing'ono pa tsiku, koma ndiyo imene imalipira wosesa msika, mlonda wa usiku, ndi wotolera msonkho yemweyo. Ndiyo imene iyenera kukonza chimbudzi cha pamsika chikadzaza, ndi kuchotsa zinyalala zikaunjikana. Ndipo si chinsinsi, pakuti nyuzipepala zakhala zikulemba, kuti m'makhonsolo ena a dziko lino antchito otere amatha miyezi osalandira malipiro chifukwa zotolera sizikukwana. Mayi uja akamapereka msonkho wake, mumtima mwake amati akugula mthunzi, madzi ndi chimbudzi. Ngati Bungwe lifuna kuti ndalama yake ipite kumwamba ndi kuphulika, ulemu wake ndi wakuti liyambe lapita kwa iye kukamfunsa.

Anakumbutsa msonkhano kuti nkhani ya chimbudzi ndi madzi si yoseketsa kwa anthu a m'mbali mwa nyanja. Kolera imene inayamba mu March 2022 nipitirira m'chaka cha 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo sinakhalepo ina yoposa imeneyo m'mbiri ya Malawi. Maboma a kunyanja anali m'gulu la ovutika kwambiri, ndipo panalibe wofunika kumuuza zimenezi m'chipindamo.

Kenaka anafotokoza za kayendedwe ka chaka cha ndalama. Kuyambira m'chaka cha 2022, chaka cha ndalama za Boma chimayamba pa 1 April ndi kutha pa 31 March. Ndiye kuti pofika mu December, ndondomeko ya chuma inavomerezedwa kalekale, miyezi isanu ndi inayi yadyedwapo, ndipo chotsala chili ndi eni ake amene akuchidikira. Chinthu chatsopano chikalowa pakati pa chaka, sichibwera ndi ndalama yake. Kalaliki amalamulidwa kuti afufute mzere wina ndi kulemba china m'malo mwake. Iwo anafufutapo mizere yotere ndi dzanja lawo, ndipo anaona kuti mzere umene umafufutidwa nthawi zonse ndi wa anthu amene sadziwa kulemba kalata. Mjigo wa kumudzi wakutali sudandaula m'nyuzipepala.

Ndiponso makombola sagulidwa monga amagulira mbuzi kapena mpunga wa chikondwerero, pamene ndalama imachoka m'thumba la wina wa kuno ndi kulowa m'thumba la wina wa kuno. Ochuluka a makombola a pa dziko lapansi amapangidwa ku China, ndipo kuti afike kuno payenera kutuluka ndalama zakunja, zomwe zija dziko lakhala likuzisowa pogula mafuta a galimoto, feteleza ndi mankhwala. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu May 2022, nigwetsedwanso ndi 44 pa 100 mu November 2023. Ndipo amene anagona pa mizere ya mafuta kumapeto kwa chaka cha 2024 akudziwa chimene kusowa kwa ndalama zakunja kumatanthauza. Msodzi amene ngalawa yake ya injini yakhala pamchenga chifukwa cha kusowa petulo akamaona makombola akukwera, angakhale ndi maganizo amene si bwino kuwatchula pa msonkhano waulemu.

Atanena izi anatembenukira ku zakale, nati funso limeneli si lachilendo m'dziko muno, ndipo mabungwe onga lino ndiwo anayamba kulifunsa. Kuyambira pa bungwe la ku North Nyasa la m'chaka cha 1912, limene Levi Mumba anali mmodzi wa atsogoleri ake, ntchito yaikulu ya mabungwe a eni dziko inali kulemba makalata ofunsa Boma kuti msonkho wa anthu ukupita kuti, popeza sukulu ndi zipatala sizikuoneka. M'chaka cha 1953, chaka chimene kunakhazikitsidwa lamulo la makhonsolo a m'maboma, Mfumukazi Elizabeth anavekedwa ufumu pa 2 June, ndipo Boma la atsamunda linakonza zikondwerero. Koma popeza chinali chaka chomwecho chimene anthu anali kukakamizidwa kulowa m'Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ambiri anakana kusangalala nawo. Makolo amenewo anadziwa kuti chikondwerero chokonzedwa ndi olamula si mphatso imene munthu ayenera kuilandira ndi manja awiri nthawi zonse.

Koma anati chitsanzo chimene chiyenera kukhala pamtima pa mamembala ndi cha 1964. Usiku wolowa pa 6 July chaka chimenecho, pa bwalo lalikulu la masewera ku Blantyre, Prince Philip ali pomwepo, mbendera ya Britain inatsitsidwa, ya Malawi nikwera, makombola naphulika. Akuluwo anati palibe munthu wa nzeru amene angadandaule za makombola a usiku umenewo, pakuti dziko limabadwa kamodzi, ndipo anthu anali atalipira ufuluwo ndi ndende ndi magazi m'chaka cha 1959. Koma dziko limene linali kusangalalalo linali losauka, ndipo ngakhale ndalama zoyendetsera Boma tsiku ndi tsiku zinali kuthandizidwa ndi Britain. Tsono m'masabata omwewo anthu anayamba kumva za tiki, mapeni atatu amene Boma linalamula kuti wodwala azilipira pa chipatala cha Boma, kumene kale anali kulandira mankhwala ulere. Pofika kumapeto kwa August nduna zinatsutsana ndi Dr. Banda maso ndi maso, ndipo tiki ija inali imodzi mwa madandaulo awo, pamodzi ndi lipoti la Skinner lokhudza malipiro a antchito a Boma ndi nkhani zina zazikulu za maiko akunja. Pa 7 September Kanyama Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo anachotsedwa pa maudindo, ena natula pansi okha, ndipo mbiri ya dziko inakhota pomwepo. Iwo sananene kuti makombola ndiwo anabala tiki. Kunena zotero kungakhale kunama. Chimene ananena ndi chakuti anthu anaiwala msanga kuwala kwa mu July, koma tiki sanaiiwale, ndipo nkhalamba zina zimaikamba kufikira lero. Munthu wamba amayeza Boma lake pa zenera la chipatala ndi pa tebulo la wotolera msonkho.

Za zaka zotsatira anangodutsapo mwachidule, nati akuluakulu onse m'chipindamo akukumbukira mmene zikondwerero zinali kulipiridwira m'nthawi ya chipani chimodzi: khadi lokakamiza, dzira, nkhuku ndi ndalama zotoleredwa khomo ndi khomo, zonse zikutchedwa mphatso zaufulu. Anati amene anapereka dzira lotero sangafune kuti mdzukulu wake aperekenso lina, ngakhale litabisika m'tikiti ya pamsika.

Pofika apa analankhula za nyengo imene anyamata asankha. Anati makolo a kuno sanali odana ndi chisangalalo. Anali ndi zinamwali, maukwati, ziliza ndi magule a usiku wonse. Koma anali kudziwa nyengo yake. Zonsezi zinali kuchitika anthu atakolola, nkhokwe zili zodzaza, ndipo panalibe mwini mbumba amene akanalola kuti chimanga cha mbewu chifululidwe mowa. Usiku wa pa 31 December uli pakhomo penipeni pa miyezi ya njala. Nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka, feteleza wachiwiri akufunika, sukulu zikutsegulira mu January, malungo ali pakati pa ana, ndipo asodzi ambiri akungotuluka m'miyezi imene Boma limatseka nyanja kuti nsomba ziswane. Anthu a Salima, mwa anthu onse, sayenera kuphunzitsidwa za miyezi imeneyi. Kumapeto kwa chaka cha 2001 bungwe la Save the Children linachenjeza kuti ku Salima ndi ku Mchinji njala yafika poopsa, koma mawu ake sanamveke msanga. Chimanga cha m'nkhokwe za dziko chinali chitagulitsidwa kale, eni ake osafunsidwa, ndipo pamene Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza za tsokalo mu February 2002, anthu anali akudya gaga ndi mizu, ena atatsikira kale kumanda. Ndipo posachedwapa, mu March 2024, Boma linalengeza za tsoka la chilala m'maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino, patangopita chaka chimodzi chichitikire namondwe wa Freddy. Amene amabwera kumudzi pa Khrisimasi amaona mudzi uli wobiriwira, mango ali mbwee, abale atavala zatsopano. Amabwerera ku ntchito pa 2 January, ndipo February samuona.

Mawu amenewa anautsa kung'ung'udza pakati pa anyamata, ndipo akuluwo anapepesa ngati alasa wina, nati akudziwa bwino kuti ndi anyamata omwewo amene amatumiza ndalama zogulira chimanga mu February, ndipo Bungwe likadakhala losauka koposa popanda iwo.

Anapitiriza kunena kuti walira mvula walira matope, ndipo mtengo wa makombola suthera pa makombola. Khamu likaitanidwa usiku pamphepete pa madzi, payenera kukhala apolisi, magetsi, galimoto ya odwala ndi anthu oyang'anira ana. Pafupi pali nyumba zaudzu, maukonde, ndi zigubu za petulo wa ngalawa. Anakumbutsa za pa 6 July 2017, pamene anthu asanu ndi atatu, ambiri a iwo ana, anafa poponderezana pa zipata za Bingu National Stadium ku Lilongwe, pa tsiku lokondwerera ufulu. Kumeneko kunali Boma lonse ndi apolisi ake. Amene aitana khamu asenza mlandu wa khamulo, ndipo Bungwe liyenera kudzifunsa ngati mapewa ake angausenze.

Anati palibe manyazi m'kuchepetsa chikondwerero nthawi zikavuta, pakuti ngakhale Boma lalikulu lachitapo chomwecho. M'chaka cha 2020, chifukwa cha mliri wa Covid-19, Dr. Lazarus Chakwera, amene anali atangosankhidwa kumene, anaimitsa chikondwerero cha pa 6 July, ndipo mwambo wowalonga unachitikira ku Kamuzu Barracks pamaso pa anthu ochepa. M'chaka cha 2024, pamene dziko linakwanitsa zaka 60 lili pa ufulu, tsikulo linakumbukiridwa ndi mapemphero, dziko lili pa chisoni cha imfa ya Dr. Saulos Chilima ndi anzawo, amene anafa pa ngozi ya ndege ku Chikangawa pa 10 June. Ufulu sunachepe chifukwa cha zimenezo. Ku Tanzania, m'chaka cha 2015, Pulezidenti John Magufuli anaimitsa chikondwerero cha pa 9 December kolera ili m'dziko, nalamula kuti anthu asese m'misewu ndi m'misika, ndipo ndalama zake zinakulitsa msewu wina wa mu Dar es Salaam. Anthu ambiri mu Afirika anawomba m'manja. Koma akuluwo anati iwo anawomba ndi dzanja limodzi, pakuti kumenekonso anali munthu mmodzi wolamula, ndipo munthu amene angathe kuimitsa chikondwerero osafunsa wina angathenso kuchiyambitsa osafunsa wina. Chimene Chipoka ikusowa si mtsogoleri wouma manja, koma chizolowezi chakuti eni ndalama azidziwa ndi kuvomereza ndalama isanatuluke.

Ndipo njira yake ilipo, ngakhale kuti anthu saiyenda kawirikawiri. Lamulo la maboma aang'ono la m'chaka cha 1998 linaika Khonsolo m'manja mwa makhansala osankhidwa ndi anthu. N'zoona kuti kuyambira 2005 kufikira 2014 dziko linakhala lopanda makhansala, ndipo m'zaka zimenezo anthu anazolowera kuona Khonsolo ngati ofesi ya Bwana D.C. chabe, koma makhansala alipo tsopano, ndipo anasankhidwanso pa 16 September 2025. Zofuna za anthu ziyenera kuyambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kupita ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, ndi kukafika ku Khonsolo ndondomeko ya chuma isanavomerezedwe. Ngati anthu a Chipoka afunadi makombola, alowere pa khomo limenelo, aimike makombolawo pamzere umodzi ndi mjigo, chimbudzi cha pamsika ndi denga la sukulu, ndipo amayi a m'midzi asankhe chimene chiyambe. Akasankha makombola, iwo sadzatsutsa. Pamwamba pa izi, lamulo lopatsa anthu ufulu wopempha ndi kulandira nkhani za m'maofesi a Boma linayamba kugwira ntchito mu September 2020, kotero kuti Bungwe lingathe kufunsa, mwaulemu ndi molemba, kuti msika wa Chipoka watolera zingati pa chaka ndipo zagwira ntchito yanji. Anati m'zaka zonse za ukalaliki wawo analandira makalata ambiri opempha, koma ofunsa anali owerengeka pa zala.

Mnyamata wina anapempha mwayi kwa a Wapampando, nati makombola si kutaya ndalama chabe, pakuti adzakopa alendo a ku Lilongwe, amene adzagula nsomba, zakumwa ndi malo ogona, ndipo ndalama idzabwerera kwa amayi omwewo a pamsika. Akuluwo anayankha kuti mfundoyo ndi yanzeru ndipo siyenera kukankhidwa. Ku Senga Bay, m'boma lomwe lino, kwakhala kukuchitika zikondwerero zazikulu za oimba monga Sand Music Festival, ndipo anthu amachokadi kutali. Koma kumeneko amene akuyembekeza phindu ndiwo amaika ndalama zawo, nalipiritsa pa chipata, ndipo zikawavuta amalira okha. Ngati a mabizinesi a pa Chipoka akhulupirira kuti makombola adzabweretsa alendo, asonkhe, apemphe chilolezo kwa apolisi, ndipo Khonsolo ilandire msonkho m'malo motulutsa. Akakana kusonkha, ndiye kuti iwonso sakukhulupirira, ndipo si bwino kuti mayi wa usipa ayesere madzi amene mwini sitolo akuopa kuviikamo phazi.

Za thumba la Bungwe analankhula mawu ochepa koma olimba. Anati thumbalo linakhazikitsidwa kuti ligule bokosi membala akamwalira, linyamule wodwala kupita ku chipatala chachikulu ku Salima, ndi kulipirira ana amasiye sukulu. Ndipo miyezi imene a Msungichuma amagogodedwa kwambiri ndi January ndi February. Mamembala amene anasonkha anasonkhera zimenezo. Chimene chili cholakwa kwa Khonsolo sichikhala cholungama kwa Bungwe chifukwa chakuti Bungwe ndi laling'ono, ndipo Bungwe limene latapa m'thumba la maliro pogula makombola lidzasowa nkhope yokafunsira Khonsolo za msonkho wa pamsika.

Potsiriza anapempha mamembala kuti ayang'ane ku chilumba cha Mbenji, kumpoto kwa boma lomwe lino, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira. Kuyambira zaka za m'ma 1950 anthu a kumeneko amatseka usodzi pa chilumbacho m'miyezi ya dzinja, ndipo akamatsegula, chakumapeto kwa mvula, pamakhala mwambo ndi chisangalalo. Chisangalalo chimenecho chimadza pambuyo pa kudziletsa, ndipo aliyense wovina amadziwa chimene akuvinira. Anati Chipoka nayo ili ndi zake zosangalalira zosafuna ndalama zakunja: mganda, beni, chimtali, mpikisano wa ngalawa ndi mpira, ndipo tsiku la 6 July limagwa anthu atakolola. Anaonjeza, mamembala akuseka, kuti amene akufuna kuona moto pamwamba pa madzi atsikire kugombe usiku wopanda mwezi, aone nyali za asodzi a usipa zitandandalika kufikira kumene maso alekeza, ndipo akadzuka m'mawa adzapezanso ndiwo.

Atakhala pansi, mayi wina wogulitsa nsomba pamsika anaimirira, nati iye sadana ndi makombola, ndipo adzukulu ake angakondwere kuwaona. Koma akufuna kuti kalata yofunsa za msonkho ipite msanga, ndipo yankho lake lidzawerengedwe m'Chichewa pamaso pa onse, osati m'komiti mokha. Mnyamata amene anabweretsa pempho anati sakubweza maganizo ake akuti Chipoka iyenera kukhala ndi usiku wake wowala, koma avomera kuti thumba la maliro lisakhudzidwe.

Msonkhano unagwirizana kuti kalata yopempha makombola isalembedwe, ndi kuti m'malo mwake a Mlembi alembe kalata yofunsa za msonkho wa msika wa Chipoka, idzere kwa khansala wa dera lino, ndipo Mfumu Yaikulu Ndindi ilandire chifanizo chake. Anyamata analoledwa kutsegula buku lapadera la zopereka zaufulu za chikondwerero cha pa 6 July, losungidwa ndi anthu awiri, mmodzi wa iwo wochokera pakati pa amayi a pamsika. Ndipo ngati makombola adzagulidwe ndi ndalama za m'bukulo, adzagamula ndi amene asonkha, apolisi atalola. A Msungichuma anapemphedwa kuti adzawerenge bukulo pa msonkhano wa komiti wa mu May.